A Malilime ndi Mayina a Tomato

Tsiku limene anatseka mageti a msika, a Malilime anali atangomaliza kupanga milu pa benchi lawo. Tomato wawo anali wabwino, wolimba, wofiira mpaka kumchombo. Ankapukuta womaliza ndi kansanza konyowa pamene mayi wogulitsa anyezi anawatsina m'nthiti.

"Asisi, musatembenuke," ananong'ona. "Lole yaima pa geti la kumunsi. A boma akufunsa mapepala."

A Malilime sanatembenuke. Anangoponya diso kumanzere, pamene mpongozi wawo anakhala pa kreti, khanda lili kumsana, akusankhula tomato wophwanyika n'kumaponya m'beseni. Mtsikanayo anali atamva. Manja ake anaima pang'ono, kenaka anapitiriza kusankhula.

Mpongoziyu, amene msika wonse unkamutcha Kachete chifukwa cha kusalankhula kwake, analibe pepala ngakhale limodzi. Analowa m'dziko muno ali kamwana, atamugwira dzanja azakhali ake, kuthawa nkhondo kwawo. Azakhaliwo anatsogola kalekale. Sukulu anaphunzira konkuno, kalankhulidwe kake n'kathu kenikeni, ndipo anakwatiwa ndi mwana mmodzi yekhayo wa a Malilime, makaniko wa ku depoti ya malole. Mapepala anakapempha ndithu, koma ku ofesi ankangomuuza kuti abwerenso, mpaka nsapato zinatha. Kupatula mwamuna wake ndi apongozi ake, palibe ankadziwa. Atati amugwire lero, ulendo wake unali wa ku kampu yakutali ya othawa kwawo, ndipo kuchoka kumeneko mwina kudziko limene sankakumbuka ngakhale fungo lake.

"Amayi," anatero Kachete osadzutsa mutu, "ndipite kuchimbudzi?"

"Aima kale pakhomo pake. Khala pomwepo, sankhula tomato."

Tsono ndikuuzeni za a Malilime, poti dzinali anthu amaganiza kuti linachokera kutchalitchi. Ayi ndithu. Eni ake ankati: "Anzanga amalankhula malilime Lamulungu lokha, ine ndimalankhula sabata yonse, ndipo anga amamveka." Anayamba kugulitsa tomato ali mayi wachitsikana, mwamuna wawo wowotcherera zitsulo atamwalira n'kuwasiyira kamnyamata kongoyamba kuyenda ndi nyumba yodontha. Malo amene anawapatsa mumsika anali oipitsitsa, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa depoti, pamene utsi wa malole umagwera pa katundu ndipo ogula a m'tauni safikapo. Miyezi yoyamba tomato ankawolera pa benchi, iwo akuyang'ana.

Koma pampandapo panali kachipata kamene madalaivala ankadutsira pofuna zophika. Anali anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ena akuda bii, ena oyera, ena ovala mikanjo, onse otopa ndi maso ofiira. Tsiku lina mmodzi analoza mulu n'kunena kuti "madomasi." Mayiyo anabwereza mawuwo momuseka chabe. Dalaivalayo anaseka mpaka kugwira mpanda, anagula milu ingapo, mawa lake n'kubwera ndi anzake. Pamenepo m'pamene mutu unagwira: munthu akamva mawu a kwawo ali pakati pa alendo, miyendo yake imaima yokha. Kuyambira tsiku limenelo mlendo aliyense sankachoka pa benchi asanasiye dzina la tomato la kwawo. Kulemba a Malilime sankakudziwa bwino, zonse ankasunga m'mutu. Anaphunzira kuzindikira munthu akali patali, poona nsapato zake, kamangidwe ka mpango, ngakhale mmene wanyamulira jumbo. Akangokuwa dzina loyenera, munthu uja ankatembenuka ndi mano onse panja. Ndi pakamwa pomwepo anaphunzitsira mwana, n'kufolera nyumba ndi malata atsopano.

Kumene mayinawo anachokera anawauza ndi mkulu wina amene anaphika m'sitima zapamadzi moyo wake wonse, n'kudzakalambira m'kachipinda kuseri kwa msika. Ankabwera ndi ndodo yake, kukhala pa kreti, n'kuyamba. Ankati mbewuyi inachokera kutsidya kwa nyanja yaikulu, kumene eni ake ankaitcha tomatl. Asipanishi anatenga njere ndi dzina lomwe, koma lilime linawakanika kumapeto, n'kukhala tomate. Angerezi analipindanso kukhala tomato, ndipo paulendo wonsewo dzinalo linkangosiya ana m'njira: tamati, timatimu, matimati. Ataliyana okha anachita makani, anamutcha pomodoro, ndiye kuti apozi wagolide, ati poti woyamba kufika kwawo anali wachikasu. Dzina limenelonso linayenda, linafika kwa Arasha lili pomidoro, kwa Aluya ena lili banadura.

"Nanga phwetekere?" a Malilime anafunsa tsiku lina.

"Ameneyo ndiye sindinakumane naye padoko lililonse," anatero mkuluyo. "Ndi wanu, mumusamale."

Nkhani imeneyi a Malilime anaikonda koopsa, ndipo ankaiuza aliyense wokhala ndi makutu. "Tomato naye ndi mlendo, abale," ankatero. "Anabwera wopanda chitupa, koma ndani wa inu amaphika osamuitana?" Mayina onse aja anawalumikiza kukhala nyimbo, yoimba mothamanga, mpweya umodzi, akuwomba benchi ndi chikhatho. Ana asukulu ankaiimba, onyamula katundu ankaiimba, ngakhale oledzera a kumunsi ankaiyesa n'kumakodwa pakati.

M'nyimbomo munali dzina limodzi, lachiwiri kuchokera kumapeto, lakuti inyanya. Tsiku limene makaniko anabweretsa chibwenzi chake kudzachionetsa kwa amayi ake, a Malilime anaimba nyimbo yawo mwa masiku onse, ndipo atafika pa dzina limenelo anaona milomo ya mtsikanayo ikugwedera, maso atadzaza misozi. Sanafunse kanthu pagulu. Anadikira anthu achepe, anamukokera kuseri kwa madengu, ndipo mtsikanayo anaulula zonse, akuganiza kuti banja lathera pomwepo. A Malilime anangomupatsa kansanza n'kumuuza kuti apukute mphuno, ayambe kupanga milu. Kuchokera pamenepo, nthawi iliyonse akafika pa inyanya, ankatola katomato kakang'ono n'kumuponyera, ndipo Kachete ankawakha osayang'ana n'komwe. Anthu ankaona ngati masewera a munthu ndi mpongozi wake. Kwa awiriwo inali njira yonenera kuti ndikudziwa kwanu, ndipo ndiwe wanga.

Lero tsono nyimboyo sinamveke. Anthu a yunifomu ankayenda mzeremzere, kuyambira ku nyama, kupita ku kaunjika, kenaka kwa osoka. Msika umene umasokosera mpaka munthu osamva foni yake unangoti zii, moti kulira kwa sikelo ya ku butchala kunkamveka mpaka kumpanda. Anatulutsa telala wamtali uja, amene ankayankha mokondwa akamukuwira dzina la tomato la kwawo lakuti yaanyo, tepi yoyezera ikali m'khosi. Anatulutsa wosoka nsapato ndi mkazi wake. Mayi wina anagwada n'kugwira mwendo wa msilikali, koma anamunyamula ndi m'khwapa. Zochititsa manyazi, kunena zoona, anthu amene wadya nawo, wabwerekana nawo mpeni zaka ndi zaka, kuwakweza pa lole ngati matumba a makala.

A Malilime ankawadziwa onsewo, aliyense ndi dzina lake la tomato. Anaphwasula mulu umene unali bwinobwino n'kuupanganso. Khanda linayamba kudandaula, Kachete analigwedeza ndi phewa, thukuta likutsikira m'khosi mwake.

"Amayi, akafika ndinene chiyani?"

"Usanene kanthu. Pakamwa pano ndi panga."

Amene anakhotera mumzere wa zamasamba sanali mlendo. Anali mkulu wa gulu lonselo, bambo wonenepa wa mawu ofewa, kasitomala wa a Malilime wa zaka zambiri. Amayi a mumzerewo ankamutcha a Dinani, chifukwa sankagula tomato asanamudine ndi chala chachikulu mmodzimmodzi, khalidwe limene wogulitsa aliyense amadana nalo, poti tomato wodinidwa m'mawa pofika madzulo ndi wotaya. Pambuyo pake pankabwera mtsikana wa yunifomu yatsopano, yowuma ndi sitachi, nkhope yosaseka.

"Amayi anga!" anatero a Dinani, akudutsa mabenchi ena onse. "Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, bwana, kaya inu."

"Ntchito, mayi, ntchito. Sitikondwera nayo, koma ana adya chiyani?" Chala chinali kale pa tomato wa pamwamba pa mulu. "Uyu ndi mnzathu watsopano. M'galimoto ndimamuuza za inu, akuti ndikunama, palibe mayi wa pamsika angadziwe zinenero za dziko lonse. Tamuimbireni nyimbo ija amve yekha."

Mayo ine! Nyimbo, lero, mageti ali otseka? A Malilime anamuyang'ana bamboyo kumaso kufuna kuona ngati ndi msampha, koma nkhope inali yomweyo ya masiku onse, yonona, yomwetulira. Maganizo anathamanga. Akakana, afunsa chifukwa chake, poti a Malilime sanakanepo kuimba chibadwire. Akaimba yonse, afika pa inyanya, aponya katomato, Kachete awakha, ndipo munthu amene makutu ake lero akusaka zachilendo aona ngati amulozera ndi chala. Anaganiza kuti njira ndi imodzi yokha: aimbe mothamanga, dzina limenelo alidumphe, palibe angazindikire.

"Mawu ndi okalamba, bwana, koma tiyese."

Anawomba benchi ndi chikhatho.

"Tomato, tomate, tamati, timatimu! Matimati, madomasi, yaanyo! Pomodoro, pomidoro, banadura, phwetekere!"

Lilime linamvera, koma dzanja silinauzidwe. Pofika pa banadura linali litatola kale katomato kakang'ono, monga linkachitira tsiku lililonse, ndipo linangoima m'malere litakafumbata. Kumanzere nako dzanja la Kachete linali litanyamuka lokha pa bondo, chikhatho chili chotambasula kudikira. Mtsikanayo anazindikira, analibweza msanga n'kulibisa pansi pa nsalu.

A Dinani anaseka n'kuwomba m'manja. "Wamva? Ndimanama ine?" Kenaka kuseka kuja kunayamba kuchepa. Anapendeketsa mutu, milomo ikuyenda, akuibwereza nyimboyo chamumtima.

"Mayi, mwadumpha limodzi."

"Ukalamba, bwana. Mutu wayamba kutaya zinthu."

"Ayi, inu simutaya. Pakati pa banadura ndi phwetekere pamakhala lina. Lija mumaponyera mpongozi wanu." Anayang'ana nkhonya ya a Malilime. Madzi a tomato ankatuluka pakati pa zala n'kumatsikira kuchigongono. Anayang'ana Kachete, amene anali atazyolika mpaka chibwano kugunda pachifuwa. "Bwanji lero simunaponye?"

A Malilime anabisa nkhonya ija pansi pa benchi.

Wa yunifomu yatsopano uja sanachedwe. Anazungulira benchi n'kuima pamaso pa Kachete.

"Chitupa chanu, mayi."

"Ndachisiya kunyumba."

"Tipita limodzi tikachitenge. Munabadwira chipatala chiti? Makolo anu ali kuti?"

"Ameneyu ndi mwana wanga!" a Malilime anakuwa. "Wakulira konkuno, sukulu konkuno, ukwati konkuno, msika wonsewu unavina! Bwana, inu simumudziwa? Si uyu amakusankhirani wolimba? Si uyu anakuthamangirani mpaka kugeti mutaiwala makiyi pabenchi pano? Mwadya tomato wa m'manja mwake zaka zingati, lero mukufuna pepala loti ndi munthu?"

"Mayi, khalani pansi," anatero a Dinani motsitsa mawu.

"Sindikhala! Ngati ndi dzina lija, ndinalimva kwa dalaivala, iye asanabwere n'komwe. Nditengeni ine, ndine ndimalankhula zachilendo pamsika pano!"

Bamboyo anapukuta thukuta pamphumi. Anayang'ana mnzake watsopano uja, mnzakeyo naye anamuyang'ana osaphethira, kudikira kuti aone ngati mkulu wake ali ndi anthu amene amawadumpha. Amayi onse a mumzere anali ataima, wa anyezi atagwira pakamwa. Zikanakhala kuti anali yekha, mwina akanatsokomola n'kupitirira. Koma sanali yekha.

"Mwana wanga," anatero kwa Kachete, "ndikufunsa kamodzi. Kunyumbako chitupa tikachipeza?"

Kachete anadzutsa mutu. Anamuyang'ana bamboyo m'maso.

"Simukachipeza."

Anaimirira, anaika beseni pambali kuti lisapondedwe, n'kuyamba kumasula mfundo ya nsalu pachifuwa.

"Woyamwa amapita ndi mayi ake," anatero wa yunifomu yatsopano.

"Uyu sapita. Bambo ake ndi a konkuno, pepala lake lobadwira lilipo, lili m'sutikesi." Anamutsitsa mwanayo kumsana n'kumuika m'manja mwa apongozi ake, manja a madzi a tomato omwewo. "Ku kampu ndinakhalako ndili mwana, ndikukudziwa. Wanga sakapondako."

"Ayamwa chiyani, mwana iwe?" A Malilime ankalira tsopano, poyera, osabisa.

"Mugule mkaka wa m'chitini, wa ana osakwana chaka. Madzi muziwiritsa, musamachite ulesi. Botolo akakana mumwetse ndi supuni. Sagona ngati simunamugwire phazi. Mankhwala a chifuwa ali pawindo, atsala a masiku ochepa, amalize. Bambo ake muwauze asachite zopusa."

Chikhalire pamsikapo, palibe anamumvapo Kachete akulankhula mawu ambiri chotero. Anafungatira mutu wa mwanayo kamodzi, anaununkhiza, n'kutembenuka. Anayenda yekha kutsogolo, wa yunifomu akumutsatira, kudutsa pa anyezi, pa kabichi, pa mabenchi a anthu amene ankayang'ana pansi. Kutsogolo kwa bulauzi yake kunali kutanyowa kale ndi mkaka.

A Dinani anatsalira pang'ono. Anatola tomato amene anamudina uja, anamutembenuza, ndipo anamubwezera pa mulu mosamala.

"Mayi," anatero osawayang'ana, "ine pabenchi pano sindimati ndifunse munthu. Ndinangobwera kudzapuma, kuti ndisekeko pang'ono. Zaka zonsezi ndimayesa ndi masewera anu chabe. Mukanangoimba yonse."

Anapita. A Malilime anakhala pa kreti ija, ikadali yofunda, mwana akulira mpaka kuuma. Anayesa kumubereka, koma manja ankakanika kumanga mfundo, mpaka wa anyezi anabwera kudzawamangira. Kumunsi injini ya lole inalira, geti linakwekwereza pansi, ndipo phokoso la msika linayamba kubwerera pang'onopang'ono.

Mageti atangotsegulidwa, makaniko analowa pa kachipata ka kumpanda akuthamanga, ovolosi ili yakuda ndi oilo, sipanala yaikulu ikadali m'manja. Wina anali atamuuza kale ku depoti. Anaona mwana kumsana kwa amayi ake, anaona beseni pambali, ndipo nkhope yake inasintha moti amayi a mumzere anabwerera m'mbuyo.

"Anadziwa bwanji?" anafunsa. "Ndikufunsa! Zaka zonsezi palibe ankadziwa. Ndani wanena?"

Maso ake anayenda pa mabenchi n'kukaima pa mayi wa anyezi, amene anakanganapo ndi Kachete chaka chatha pa nkhani ya malo oika madengu. Anayamba kumuyandikira, sipanala ili m'dzanja. Mayiyo anabwerera mpaka msana kugunda mzati. Akanatha kunena, poti anaona zonse ndi maso ake, koma anangotseka pakamwa n'kuyang'ana a Malilime. Mzere wonse unachita chimodzimodzi. Anali okonzeka kuwabisira mpaka kumanda, ndipo a Malilime anaona kuti akangokhala chete, mwana wawo sadzadziwa, koma wina avulala pompano.

Anaimirira n'kulowa pakati pa awiriwo.

"Ika chitsulocho pansi."

"Amayi, chokani."

"Ndati ika pansi. Palibe wanena." Anamugwira dzanja la oilo lija ndi manja onse awiri, monga ankachitira akamamuwolotsa msewu ali wamng'ono. "Ndine, mwana wanga. Ndine ndamugwiritsa mkazi wako."

Sipanala inagwera pa simenti. Makaniko anawayang'ana amayi ake, kenaka anachotsa dzanja lake m'manja mwawo pang'onopang'ono, n'kulipukuta pa ovolosi.

"Ndipatseni mwana wanga," anatero.